Kubera Msonkho m'Dzina la Munthu Wina: Za ku America ndi za ku Malawi

Ku America wogwira ntchito kawirikawiri amayenera kupereka chaka ndi chaka, pofika pa 15 Epulo, lipoti la ndalama zimene wapeza ku bungwe lotolera msonkho la IRS, ndipo popeza ambiri amakhala atadulidwa msonkho wopitirira muyezo, boma limawabwezera ndalama yotsalayo. Ndalama yobwezedwayi ndi imene imakopa mbava, chifukwa munthu akangopeza dzina la mnzake, tsiku lobadwa ndi nambala yake ya Social Security, yomwe boma limazindikirira munthu aliyense, angathe kutumiza lipoti labodza chaka chikangoyamba n'kulozetsa ndalamazo ku akaunti yake. Mwini dzina amadzadziwa mochedwa, pamene kompyuta ya IRS yakana lipoti lake ponena kuti lina linafika kale, kapena pamene walandira kalata yomupempha kutsimikiza lipoti limene sanalembe. Lipoti lake likakanidwa amalemba fomu 14039 yolumbira kuti anaberedwa, ndipo m'chaka cha 2024 ambiri ankadikira pafupifupi zaka ziwiri kuti nkhani yawo ithe, zomwe ndi zowawa kwa banja limene linkayembekezera ndalamayo kuti lilipire lendi kapena litumize fizi kumudzi. Chitetezo champhamvu ndi IP PIN, nambala yachinsinsi ya manambala 6 imene imasintha chaka chilichonse, yomwe kuyambira 2021 aliyense angathe kupempha.

Kwathu ku Malawi nyambo yotereyi ndi yochepa, chifukwa olembedwa ntchito ambiri amangodulidwa msonkho wa PAYE pa malipiro ndipo sayembekezera kubwezeredwa kanthu ndi bungwe lotolera msonkho la MRA. Koma chizolowezi chathu posunga zitupa n'chodetsa nkhawa. Chiyambire kalembera wa chiphaso cha unzika mu 2017, fotokope ya chiphasocho imasiyidwa paliponse, kubanki, kwa wolembetsa simukhadi, ngakhale pa kauntala ya wojambula mapepala pamene makope olakwika amangoponyedwa m'katoni. Wamalonda wamng'ono naye, poona kuti Msonkho Online, njira ya pa intaneti yoperekera malipoti ku MRA, ikumuvuta, amapereka TPIN, nambala yake ya msonkho, pamodzi ndi pasiwedi kwa womuthandiza, ndipo nthawi zambiri nambala ya foni yolembetsedwa pa akauntiyo imakhala ya wothandizayo, moti uthenga uliwonse wochenjeza za kusintha kwa akauntiyo sufika kwa mwini bizinesi.