CISANU CA KWA NYAMPANDE NDI NSOMBA ZA M'MAIWE

Munthu wocokera ku Lusaka pa mseu waukulu wa Great East Road, akaoloka mlato wa Luangwa ndi kutsiriza zitunda zokhotakhota, amafika ku Nyimba kumene amai amagulitsa nthoci m'mbali mwa mseu. Patsogolo pali boma la Petauke, makilomita pafupifupi 400 kucokera ku Lusaka. Wofuna kwa Nyampande amapatuka pamenepa ndi kulowera kumpoto, m'dziko la Ansenga, la cimanga, nshawa ndi thonje.

Mlendo wofika m'mwezi wa Juni kapena Julai amapeza minda itakololedwa, udzu utauma, ndi mphepo yozizira ikuomba kucokera kum'mwera cakum'mawa. M'mamawa anthu amaunjikana pa moto, ndipo m'madambo mumagona nkhungu kufikira dzuwa litakwera. Kumadambo komweko, m'mphepete mwa madimba a ndiwo za masamba, ndiko kumene mlimi woweta nsomba amakumba dziwe lake, cifukwa ndiko kumene madzi amakhalitsa.

Ulimi umenewu si wacilendo m'cigawo ca kum'mawa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 bungwe la FAO, mogwirizana ndi alangizi a boma oona za nsomba, linaphunzitsa alimi a m'midzi kukumba maiwe ang'onoang'ono. Nsomba zimene zimawetedwa kwambiri ndi za mtundu wa bream, abale ake a cambo ca ku nyanja ya Malawi. Nsombazi ndi za madzi ofunda. Zimakula bwino madzi akatentha madigiri 25 kufikira 30. Akatsika kupyola pa madigiri 20 zimadya pang'ono ndipo zimaleka kuswana; akayandikira madigiri 10 zimayamba kufa. Dziwe la m'dambo, kumene mphepo yozizira imatsikira usiku, liri pa ngozi yoposa.

Nkhondo yolimbana ndi cisanu imayamba tsiku lokumba dziwe. Dziwe losaya, la madzi olekeza m'maondo, limafunda msanga masana koma limazizira msanganso usiku, ndipo nsomba zimasowa kothawira. Dziwe lakuya mita imodzi kapena imodzi ndi theka ku mbali yake ina limasunga kutentha kwa masana, kotero kuti nsomba zimatsikira pansi kufikira kutaca. Cifukwa ca ici mlimi wocenjera amadzaza dziwe lake mvula isanathe, namata ming'alu ya m'khoma kuti madzi asamatayike. Amamanganso mpanda wa udzu ku mbali yocokera mphepo, ndi kusadza nthambi zimene zimachinga dzuwa. Ngati pali ngalande yolowetsa madzi, amaitseka usiku, pakuti madzi oyenda amacotsa kutentha kumene dziwe linasonkhanitsa tsiku lonse.

Koma codabwitsa ndi cakuti nsomba zambiri zimafa cifukwa ca cifundo ca mwini wake. Poona kuti nsomba sizikubwera pamwamba monga kale, iye amaganiza kuti zafooka ndi njala, naonjeza gaga ndi manyowa. Gagayo amamira osadyedwa, amaolera pansi ndi kumaliza mpweya wa m'madzi. M'bandakuca nsomba zimaoneka pamwamba zikuyasamula kukamwa, ndipo pofika m'mawa zina ziri gada. M'nyengo yozizira nsomba zimafunika cakudya cocepa, kamodzi pa tsiku, dzuwa liri pamutu pamene madzi afunda. Zikasiya cakudya ca dzulo, lero zisapatsidwe cina.

Ukonde naonso uyenera kupacikidwa. Nsomba yogwidwa m'nyengo imeneyi imasupuka mamba, ndipo pa bala pamamera nkhungu yoyera yonga thonje imene imaipha m'masiku owerengeka. Kusamutsa nsomba kapena kuika ana atsopano m'dziwe kudikire mwezi wa Seputembala. Wofuna ndiwo angathe kuwedza ziwiri kapena zitatu ndi mbedza, osabvundula dziwe lonse. Mlamba wokha ndiwo umapirira madzi ocepa mpweya, cifukwa umatha kupuma mpweya wa kunja, koma kuusakaniza ndi ana a bream ndiko kusungira mbuzi m'khola limodzi ndi fisi.

Pamene mitsinje ikuphwa, adani naonso amacuruka. Katumbu, ng'azi ndi mbalame zodya nsomba zimatsata madzi otsala, ndipo nsomba yozizidwa siithamanga. Udzu wozungulira dziwe uyenera kucekedwa, ndipo zingwe zomangidwa pamwamba pa madzi zimabweza mbalame. Mdani woposa onse ndi cilala. M'caka ca 2024, pamene mvula inakana ndipo Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza pa 29 Febuluwale kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse, mwini dziwe losaya analowa m'cisanu ali ndi matope m'malo mwa madzi.

Wina angafunse cifukwa cobvutikira ndi nsomba zimene kwa miyezi itatu sizikula. Yankho liri m'miyezi yotsatira. Nsomba zopulumuka cisanu ndizo mbeu: kukayamba kufunda zimakumba zisa pansi pa dziwe ndi kuswana, ndipo mlimi safunika kupita kutali kukagula ana ena. Ndiponso caka ciri conse, kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale, boma limaletsa kupha nsomba m'mitsinje ndi m'nyanja zambiri kuti ziswane. Imeneyi ndiyo miyezi ya khasu, pamene nkhokwe zapepuka ndipo ana amafuna ndiwo zopatsa mphamvu. Banja lokhala ndi dziwe kuseri kwa dimba silidya nsima ndi masamba okha.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Kwa Nyampande, m'mwezi wa Julai, mlimi wabwino wa nsomba amadziwika ndi dziwe lodzaza, mpanda wa udzu, ndi ukonde wouma wopacikidwa pa tsindwi.