Kuseri kwa khitchini, kumene mowa umagona

Fungo ndi limene linayamba kundilandira. Ndisanaodire n'komwe pakhomo pa azakhali anga, m'mudzi wina kufupi ndi Lobi ku Dedza, mphuno inali itandiuza kale kuti pano afulula. Munali mu Juni, kuzizira kolowa m'mafupa.

Pabwalo panali mphasa ziwiri zoyanikapo chimera, mawere ophukira timizu toyera, mwana atakhala pambali ndi kamtengo kuingitsa nkhuku. Tinadutsa pamafuwa pomwe phulusa linali lidakali lofunda, n'kulowa m'kachisakasa ka kuseri kwa khitchini. Munali mdima, migolo itatu itandandalikana, iliyonse yovundikira ndi chiguduli.

"Tchera khutu kaye, usanayang'ane," anatero azakhali.

Mgolo woyamba unkalankhula: tsii, tsii, ngati mvula yowaza pa udzu. Atavundukula, pamwamba panali thovu lokhuthala, lofiirira m'mbali, litanyamula timadeya. Thovu limeneli ndi mpweya umene yisiti amatulutsa akamadya shuga wa m'phala, shuga amene chimera chamasula kuchokera mu ufa. Mlendo angaliyese litsiro, koma wofulula akaliona mtima umakhala pansi.

Wachiwiri unali zii. Pamwamba pake panayala kachikopa koyera, kopyapyala, kamakwinya ngati mkaka wowiritsa ukazizira. Ine ndinabwerera m'mbuyo. Azakhali anaseka, natenga chipande n'kukayengula pang'onopang'ono, kenaka ananunkhiza, n'kulawa.

"Uwu wangokalamba, mwanangu. Wapuma mphepo. Ukagonanso mawa usasa, anthu adzandinena."

Kachikopa kotere kamabwera mowa ukaleka kuwira, mpweya wakunja n'kumaukhudza. Tizilombo tokonda mpweya timamanga pamwamba, ndipo tina mwa ito timasandutsa mowa kukhala viniga. Kamawononga kukoma ndi malonda. Za pansi pa mgolo, phala loterera lotuwa lija, iwo sanataye nazo nthawi: ndi yisiti wotopa ndi masese basi, zotsala pokuntha.

Pa wachitatu sanaseke. M'mphepete mwa mgolo, pamene phala linaumira, panamera timadontho taubweya, tina tobiriwira, tina takuda. Fungo lake linali la nyumba yotsekedwa dzinja lonse. Chuku. Apa chipande sanachigwire n'komwe. Anati ufa wake anachita kugula, wotsika mtengo, ndipo anaukayikira tsiku lomwelo poona kuti ukuumbika m'manja.

Mawu amenewo anandikumbutsa za ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Mu Januwale 2015 anthu 75 anamwalira kumeneko atamwa mowa wa chimanga pochokera kumaliro, ndipo wofululayo anali m'gulu la omwalira. Mphekesera inathamangira ndulu ya ng'ona, monga timachitira kunonso. Koma akatswiri atayeza anapeza poizoni wotchedwa bongkrekic acid, wopangidwa ndi bakiteriya amene anaswana mu ufa womwe unanyowa ndi madzi osefukira. Ufa woti nsima sungaphikire unalowa mumgolo.

Chimandiopsa n'chakuti poizoni wotere samadzionetsa pamwamba ngati thovu kapena kachikopa. N'chimodzimodzi aflatoxin, wochokera ku chuku cha chimanga ndi mtedza, amene amawononga chiwindi: moto wa pamafuwa sumutha. Dr Limbikani Matumba ndi anzake anayezapo chimera ndi mowa wa masese wa m'dziko muno, ndipo poizoni wa chuku anamupezamo. Chonsecho tili ndi chizolowezi chakuti chimanga chofumbwa kapena chowola timati "ichi n'cha mowa", ngati kuti mgolo umatsuka.

Ndinawafunsa azakhali ngati sangangopala m'mbalimo n'kugulitsa, poti nkhuni zapita, chimera chapita, masiku apita. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Amene amamwa pano ndi alamu ako, ndi amfumu, ndi ana a mng'ono wanga. Maliro ake ndidzakhala pati?"

Tinatuluka maso akuthobwa ndi dzuwa. Pansi pa mtengo wa mango amuna atatu anali atafika kale, njinga zili chotsamira, akudikira chipanda cholawa. Azakhali anawathirira wa mgolo wachiwiri, atakuntha bwino. Wachitatu uja anyamata awiri anaugubuduza mpaka kudzala, n'kuukwirira kuti ngakhale nkhumba zisaupeze.