Limba Lakale Ligulitsidwe Kodi?

Limba lamagetsi lotchedwa Yamaha DX7 linatuluka ku Japan m'chaka cha 1983. Lili ndi makiyi 61, ndipo limasunga maliridwe 32. Bambo wina woimba m'tchalitchi analigwiritsa ntchito zaka zambiri, kufikira anagula Yamaha Montage, limba la mu 2016, lotha kulira monga lakale lija.

Tsono lakalelo atani nalo? Mkazi wake anati, "Bambo, ligulitseni. Ana akufuna fizi, ndipo m'nyumba muno mwachepa." Mayiyo ananena zoona.

Koma bamboyo anawawidwa mtima chifukwa cha maliridwe amene anawapanga yekha, pochezera usiku. Pakuti kupanga maliridwe pa DX7 ndi ntchito yowawa ndithu; kagalasi kake n'kakang'ono, ndipo munthu amadina mabatani mpaka maso kuwawa. Maliridwewo amasungika ndi kabatire ka m'kati, ndipo kakafa onse amafafanizika.

Chotero anayamba wawasamutsira pa kompyuta ndi chingwe cha MIDI. Atatero mtima unakhala pansi. Anaikamo batire latsopano, naligulitsa kwa mnyamata wa m'kwaya, kuti azilipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi.