Chimoto cha usiku ku Chembe

Amene anagonapo ku Chembe, ku Cape Maclear, akudziwa kuti mwezi ukapanda kuwala nyanja imasanduka tauni. Asodzi a usipa amayatsa nyali m'mabwato mpaka mlendo kulephera kusiyanitsa pothera nyali ndi poyambira nyenyezi.

Usiku wanga wachiwiri kumeneko ndinali kucheza ndi bambo wina amene ankalondera usipa wake pathandala. Mwadzidzidzi mchenga wonse unati mbee! Kutukula maso, tinaona chimoto chobiriwira chamchira wautali chikudutsa pamwamba pa chilumba cha Thumbi. Chinagawika pawiri, n'kuthothoka ngati makala, kenako zii. Sipanathe masekondi asanu, ndipo phokoso silinamveke.

"Mwaiona ndegeyo, achimwene?" anatero bamboyo monong'ona. "Akukatamba amenewo."

Ndinaseka. Koma kutacha, nkhani inali itafika kale pogulitsira nsomba. Ena ankalumbira kuti chagwera kuseri kwa Thumbi, ndipo ena anayamba kutchula gogo wina amene amakhala yekha kumtunda kwa mudzi. Apa nseko zinandithera, poti m'dziko muno nkhalamba zagendedwapo mpaka kufa pa nkhani zoyamba chonchi.

Chimene tinaonacho ndi mwala wochokera kunja kwa dziko lapansi. Miyala yotere imalowa mumpweya paliwiro la makilomita 11 mpaka 72 pa sekondi imodzi, ndiye imatentha n'kuyamba kuwala ikadali pafupifupi makilomita 100 m'mwamba. N'chifukwa chake aliyense amaona ngati wagwera kuseri kwa phiri la kwawo: wa ku Salima akanaloza kwina, wa ku Makanjira kwinanso. Timiyala tambiri n'tating'ono ngati njere ya mapira ndipo timathera m'mwamba momwemo, tija timati nyenyezi yathothoka. Yokulirapo ndiyo imawalitsa dera lonse.

Ina imafika pansi ndithu. Pa 22 January 1981 mwala wolemera makilogalamu 93 unagwa ku Machinga konkuno. Pa 2 June 2018, akatswiri anauona mwala wina usanalowe n'komwe mumpweya, ndipo patapita masabata atatu anatola chidutswa chake choyamba m'nkhalango ya Central Kalahari ku Botswana.

Ndinawafotokozera zimenezi amayi ogula usipa pamene ndinkadikira galimoto ya ku Monkey Bay. Mmodzi anandifunsa kuti mwala wa ku Machingawo unagwera m'munda mwa ndani, nanga mwini mundayo anapatsidwapo kangachepe?