Injini Yopuma Yokha

Injini ya galimoto imapuma. Anthu ambiri amayesa kuti mphamvu yace yonse iri m'petulo, koma petulo sayaka popanda mpweya, monganso makala a wosula amangofuka utsi mvukuto ukaleka. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwino ifuna mpweya wolemera pafupifupi makilogalamu 15, ndipo mpweya ndi cinthu copepuka, cotenga malo ambiri. Kuthira petulo woculuka m'injini sikubvuta konse. Cimene cimasowetsa tulo amisiri ndico kulowetsamo mpweya wokwanira.

M'kati mwa injini muli mabowo osalala onga mitondo, ochedwa masilinda, ndipo mu silinda iri yonse muli citsulo conga munsi waufupi, cochedwa pisitoni. Pisitoni itsika ndi kukoka mpweya ndi petulo; ikwera ndi kuzipanikiza; pulagi ipereka moto, ndipo mpweya wotenthawo uikankhira pansi mwamphamvu; pomaliza ikweranso ndi kutulutsa utsi. Pamwamba pa silinda pali tizitseko tochedwa mavalavu, tina tolowera mpweya, tina totulukira utsi. Pansi pace pali mtanda wacitsulo wokhotakhota, umene amakaniko amauchula crankshaft, ndipo ndiwo usandutsa kukwera ndi kutsika kwa mapisitoni kukhala kuzungulira kumene kumafika ku mawilo. Mtandawo ukazungulira kawiri, silinda imodzi yapuma kamodzi kokha.

Tsono taganizani za atsikana awiri amene apatsidwa cimanga cofanana kuti akonole. Wamkulu ali ndi mtondo waukulu ndi munsi wolemera, ndipo amenya mosafulumira. Wamng'ono ali ndi kamtondo ndi kamunsi. Akafuna kutsiriza pamodzi ndi mkulu wace, ayenera kumenya kawiri pamene winayo amenya kamodzi. Injini ya lole yonyamula mkuwa iri ngati mtsikana wamkuluyo: masilinda ace ndi akulu, ndipo pa nchito yace imazungulira maulendo 2,000 pa mphindi kapena kuceperapo. Palinso njira ya mvukuto weniweni, ndiwo makina ochedwa turbo, amene amazunguzidwa ndi utsi wotuluka ndi kukankhira mpweya m'masilinda mokakamiza. Koma pali amisiri ena amene safuna kukula, safunanso mvukuto. Iwo amati injini ikhale yaing'ono ndi yopepuka, izipuma yokha, koma izipuma msanga msanga. Mmodzi wa iwo anali Soichiro Honda wa ku Japan, amene dzina lace ana ambiri amaliona pa njinga zamoto.

Honda anabadwa m'caka ca 1906 m'mudzi wina pafupi ndi mzinda wa Hamamatsu. Atate wace anali wosula zitsulo, amenenso anali kukonza njinga zopalasa, kotero kuti mwanayo anakula akumva kulira kwa nyundo. M'caka ca 1922 anapita ku Tokyo kukaphunzira umakaniko pa galaja la Art Shokai. Pambuyo pace anayamba kupanga mphete za mapisitoni, zija zimatseka mpata wa pakati pa pisitoni ndi khoma la silinda kuti mpweya usathawe. Nchito imeneyi inamucititsa manyazi poyamba, pakuti mwa mphete 50 zimene anapereka kwa a Toyota kuti aziyese, zitatu zokha ndizo zinabvomerezeka. Munthu wamkulu, wa pa banja kale, anakalowanso sukulu ya zaumisiri ku Hamamatsu, nakhala pansi pamodzi ndi anyamata kuti aphunzire kasanganizidwe ka zitsulo.

M'caka ca 1948 anakhazikitsa kampani ya Honda Motor, yopanga njinga zamoto. Mu 1959 njinga zace zinalowa koyamba mpikisano wochuka wa pa cisumbu ca Isle of Man, ndipo mu 1961 zinapambana m'magulu a 125 cc ndi 250 cc. Macenjera ace anali omwe aja a mtsikana wa kamunsi: masilinda ang'ono ang'ono, ozungulira mofulumira kwambiri.

Pa zaka zomwezo boma la Japan linali kukonza lamulo limene likadaletsa makampani atsopano kuyamba kupanga magalimoto, kuti ocepa amene analipo akule ndi kutha kulimbana ndi a ku America ndi ku Ulaya. Honda anaona kuti akacedwa citseko cidzatsekeka iye ali panja. Analitsutsa lamulolo poyera, nafulumizitsa amisiri ace. Pamapeto pace lamulolo silinakhazikike, koma galimoto inali itabadwa kale. Mu October 1963 anayamba kugulitsa kagalimoto ka mipando iwiri, ka denga la nsalu, kochedwa S500.

Injini yace inali ya 531 cc, ndiko kuti masilinda onse anai pamodzi anali kungopitirira pang'ono theka la lita. Munthu angayese kuti kanthu kotere kangoyenera kupopa madzi ku dimba. Koma kanali kutulutsa mphamvu ya akavalo 44 pozungulira maulendo 8,000 pa mphindi, pamene magalimoto wamba a masiku amenewo anali kulekezera pafupi ndi 5,000. Silinda iri yonse inali ndi kabyuleta yace yace, kuti isalimbirane mpweya ndi inzace. Crankshaft inali kugudubuzika pa mabering'i a timipukutu tacitsulo, monga pa njinga ya mpikisano, ndipo mawilo a kumbuyo anali kukokedwa ndi macheni, monganso njinga. Inde, opanga njinga sanathe kubisa kwao. S600 inatsatira mu 1964, ndi S800 mu 1966.

Liwiro lotere liri ndi mtengo wace, ndipo mtengowo uoneka bwino pa galimoto ina imene kampaniyo inatulutsa m'caka ca 1999, Honda mwini atamwalira kale mu 1991. Dzina lace ndi S2000, ndipo wotsogolera nchito yoipanga anali Shigeru Uehara. Injini yace, yochedwa F20C, ndi ya masilinda anai, ya malita awiri, yopanda turbo, ndipo imafika maulendo 9,000 pa mphindi. Tengani colembera muwerengere. Maulendo 9,000 pa mphindi ndiwo 150 pa sekondi imodzi. Pa kuzungulira kumodzi pisitoni imaima kawiri, pamwamba ndi pansi, ndi kubwerera kumene yacokera. Motero imaima ndi kunyamukanso maulendo 300 pa sekondi. Njira yace ndi yaifupi, mamilimita 84 okha, ngati kutalika kwa cala ca munthu wamkulu. Koma mukaphatikiza maulendo onsewo mupeza kuti pisitoni imayenda mamita 25 pa sekondi, ndiwo makilomita 90 pa ola, m'kampata komweko.

Wosinja ali yense adziwa kuti munsi ukakwera mwamphamvu manja ayenera kuugwiritsa kuti usauluke. Pisitoni nayo ikafika pamwamba imafuna kupitirira, ndipo coibweza ndi ndodo yacitsulo imene imailumikiza ku crankshaft. Pamenepa pali lamulo la cilengedwe losamva kupempha: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yofuna kuzula pisitoni pa ndodo yace imawirikiza kanai. Injini ya pa 9,000 imasenza katundu wowirikiza kanai wa injini yomweyo ya pa 4,500. Ndodo ikaduka imabowola khoma la injini ndi kusuzumira kunja, oilo ali mbwee pa mseu. Cifukwa cace citsulo ciri conse coyenda ciyenera kukhala copepuka ndiponso colimba, ndipo makhalidwe awiri amenewa sakonda kukhalira pamodzi. Mapisitoni a F20C sanawapange pothira citsulo cosungunuka m'cikombole. Anawasula, ndiko kuti anapanikiza aluminiyamu wotentha ndi makina olemera kufikira atatenga maonekedwe ofunika, pakuti citsulo cosula cimapirira koposa cothira. Atate a Honda, wosula wa kumudzi uja, akadaizindikira nchito imeneyi. Makoma a masilinda anawalimbitsa ndi tiulusi tolimba tosanganiza m'aluminiyamu momwemo, kuti asaperepeseke msanga. Ndipo silinda anaipanga yotakata pang'ono kuposa njira ya pisitoni, mamilimita 87 m'mimba mwace, kuti pamwamba pakhale malo a mavalavu.

Kawiri kawiri mavalavu ndiwo amayamba kugonja. Pa 9,000 valavu iri yonse imatseguka maulendo 75 pa sekondi. Coitsegula ndi mtanda wina wokhala ndi timapiri, wochedwa camshaft, ndipo coitseka ndi sipuling'i. Liwiro likaposa mphamvu ya sipuling'i, valavu imatsalira m'njira, pisitoni yokwera ndi kuimenya. Phokoso lace ndi lalifupi, koma ndalama zokonzera ndi zambiri. M'magalimoto ambiri akale camshaft inali pansi, ndipo inali kukankha mavalavu ndi ndodo zazitali, zolemera, zopindika pa liwiro. Pa S500 ndi pa S2000 a Honda anaika macamshaft awiri pamwamba penipeni, pafupi ndi mavalavu. Mu F20C silinda iri yonse iri ndi mavalavu anai, awiri olowetsa ndi awiri otulutsa, pakuti valavu yaing'ono ndi yopepuka, ndipo ziwiri zazing'ono zimapatsa mpweya njira yaikulu kuposa imodzi yaikulu.

Latsala bvuto limodzi, ndipo ndilo limasiyanitsa galimoto ya mpikisano ndi galimoto ya pa mseu. Injini yothamanga ifuna mavalavu otseguka kwambiri ndi kukhalitsa cotseguka, kuti mpweya upeze nthawi yolowa. Koma pa liwiro laling'ono mavalavu otere amabwezera mpweya kunja, injini ndi kumatsokomola yopanda mphamvu. Woyendetsa wa mpikisano alibe nazo kanthu, pakuti iye sayenda pang'ono, ndipo injini yace amaimasula ndi kuikonzanso kawiri kawiri. Galimoto ya pa mseu iyenera kulira m'mawa wacisanu, kuima pa maloboti, kukwawa m'mbuyo mwa basi, ndi kucita zimenezi zaka zambiri osamasulidwa. Yankho la a Honda linali njira yochedwa VTEC, imene inayamba kugulitsidwa m'magalimoto mu 1989. Camshaft imodzi iri ndi timapiri ta mitundu iwiri, tatifupi ndi tatitali. Poyenda pang'ono tatifupi ndito timatsegula mavalavu. Injini ya S2000 ikafika pafupi ndi maulendo 6,000, oilo imakankha kampiringidzo kacitsulo kamene kamamanga pamodzi timikono totsegula mavalavu, ndipo kaphiri kakatali kayamba kulamulira. Woyendetsa amamva kulira kwa injini kukusintha, galimoto ndi kulumphira patsogolo ngati yalumidwa ndi mavu. F20C yogulitsidwa ku Japan inali kutulutsa mphamvu ya akavalo 250 pa maulendo 8,300, ndiwo akavalo 125 pa lita imodzi. S500 inali kutulutsa ngati 83.

Kunena zoona, injini yotere si ya munthu ali yense. Pansi pa 6,000 iri ngati injini wamba ya malita awiri, ndipo wofuna mphamvu yace ayenera kuifunafuna ndi dzanja pa magiya ace 6, khutu liri pa kulira kwace. Waulesi pa magiya imamumana. Ndiponso injini yopuma yokha imalandira mpweya monga m'mene uliri pa malopo. Ku Lusaka, mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamcere, mpweya ndi wopyapyala, ndipo injini yotere imataya mphamvu yoposa gawo limodzi la magawo khumi. Ya turbo imatha kubwezerako pokankha mpweya wambiri. A Honda eni anabwerera m'mbuyo pang'ono. Pa magalimoto a caka ca 2004 a ku North America anatalikitsa njira ya pisitoni kufika mamilimita 90.7, injini inakula kufika malita 2.2, ndipo mzere wofiira wa pa geji unatsika kufika pafupi ndi 8,000. Galimoto inayamba kukoka bwino m'tauni, koma inataya kuliwiro komaliza kuja kumene kunaichukitsa.

S2000 inaleka kupangidwa mu 2009, zitapangidwa zoposa 110,000. M'zaka zotsatira mvukuto unapambana. Malamulo a maiko ambiri anafuna magalimoto osamwa petulo wambiri ndi osaipitsa mpweya, ndipo injini yaing'ono ya turbo imapereka mphamvu pa liwiro laling'ono popanda kukuwa. Mu 2015 a Honda omwewo anaika turbo mu Civic Type R, galimoto yao yothamanga.

Komabe okonda injini yopuma yokha sanathe, ndipo cifukwa cao ncomveka. Turbo imayembekeza utsi kuti uizunguze, kotero kuti pakati pa phazi ndi mawilo pamakhala kacedwedwe. Injini yopuma yokha imayankha phazi nthawi yomweyo, ndipo mau ace amakwera mosaduka, kotero kuti woyendetsa wozolowera amadziwa nthawi yosintha giya osayang'ana pa geji. Pokhota mseu, pamene mphamvu yodzidzimutsa ingaterereketse mawilo a kumbuyo, kumvera kotere kumathandiza kwambiri.

M'caka ca 2020 Gordon Murray, mmisiri wobadwira ku Durban m'South Africa, anaonetsa galimoto yace yochedwa T.50. Injini yace, yopangidwa ndi a Cosworth a ku England, iri ndi masilinda 12, iribe turbo, ndipo imafika maulendo 12,100 pa mphindi. Kuti afike pamenepo amisiriwo anafupikitsa njira ya pisitoni kufika pafupifupi mamilimita 64. Werengerani monga munacitira poyamba paja, ndipo mupeza kuti pisitoni yace imayenda mamita ngati 26 pa sekondi, pafupifupi cimodzimodzi ndi ya S2000 ya mu 1999.