Kaiti ndi mwera

Anyamata, paja ndinkati ndigula kaiti yosewerera panyanja ija. Ndinatsala pang'ono kutaya ndalama za usipa wa miyezi itatu. Mzungu wina ku Senga Bay amagulitsa ya mamita 14, yotchipa, ine mtima dyokodyoko. Amene akundiphunzitsa anangofunsa sikelo yanga. Makilo 62 basi. Mwera wa mu Julayi ukanandiulutsa ngati jumbo! Mphepo ikakula, kaiti izichepa.

Ndatenga ya mamita 9, bolodi lalikulu, ndi ndodo yowongolera yokhala ndi chomasulira changozi. Chimenecho ndinachikoka kakhumi ndisanalipire. Kaitiyo ndinaipopa nkudikira ngati iphwe.

Madala sakundiyankhulabe. Mwera womwewu unatenga achimwene awo pabwato. Dzulo angondiponyera life jacket yawo, nkubwerera kukasoka ukonde.