Kwa mlongo wanga, mphunzitsi wa ku Nyampande

Mlongo wanga wokondedwa,

Amayi andiuza kuti mukufuna kupempha transifa, mubwerere ku Magwero kumene munaphunzira. Akuti mwatopa ndi makolo ena amene amafunsa kuti, "Munthu wosaona angachonge bwanji makope a ana athu?" Kalatayi ndailemba poyera kuti amene akuwerengereni amve, nawonso a PTA amve.

Chonde musachoke.

Ndikudziwa chimene mukusowa. Ku Magwero, kufupi ndi Chipata, amishoni a Dutch Reformed anayamba kuphunzitsa osaona mu 1905, ndipo kumeneko palibe amene amadabwa munthu akamawerenga ndi zala. Komatu ana a ku Magwero akudziwa kale kuti wosaona amatha kuphunzitsa. Amene sanazionepo ndi a kwathu ku Nyampande.

Tsiku lija ndinakhala kumbuyo kwa kalasi yanu, ana ali thithithi mpaka pakhomo, monga zakhalira chichotsereni fizi mu 2022. Wina ananong'ona pakona, inu n'kumutchula dzina osasiya kuphunzitsa. Kalasi yonse inangoti zii. Usiku wake ndinakumvani mukuboola pepala ndi kachitsulo kanu ka braille, kho kho kho, ife tonse titagona, kukopera phunziro la mawa poti pasukulu panu palibe buku ngakhale limodzi loti muwerenge nokha. Mtima unandipweteka, mlongo wanga, ndipo ukundipwetekabe.

Zimene mukusowazo si zopempha ngati chifundo. Lamulo la anthu olumala la 2012 limaletsa kusala munthu pantchito chifukwa cha ulumali. Ndalama za chitukuko za CDF nazo zinakwera mu 2022, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwensi iliyonse. Pamenepo angalephere kupeza mabuku a braille, ndi munthu mmodzi wokuwerengerani makope masana inu n'kumapereka mamalikisi?

Mwina simunamve izi. Mayi uja wa kutsidya kwa dambo, amene mwana wake wosaona amangokhala pakhonde anzake akamapita kusukulu, anabwera kwa amayi sabata yatha. Anafunsa ngati angamubweretse m'kalasi yanu temu ikubwerayi. Zaka zonsezi sanafunsepo mphunzitsi wina aliyense.

Ndibwera Loweruka pa basi ya ku Petauke, ndakugulirani mapepala olimba a braille aja. Ku msonkhano wa PTA tikalowa limodzi, ndipo mayiyo wati akakhala nafe.

Ndine mlongo wanu wamng'ono.